Kodi alendo ndiwo asintha mudzi wa Chembe ku Cape Maclear?

Funso: Ndine mtsikana wophunzira za chikhalidwe cha anthu ku yunivesite, ndipo ndili chaka chomaliza. Ndasankha kukachita kafukufuku wanga ku Cape Maclear pa mutu wakuti "Momwe ntchito zokopa alendo zaonongera chikhalidwe cha anthu a m'mudzi mwa Chembe". Ndakonza mafunso 30 oti ndikafunse anthu 100, ndipo ndili ndi masabata awiri okha. Ndiyambire pati? Nanga zimenezi zikwanira?

Yankho: Chemwali, malo mwasankha bwino, koma mutu wanuwo muuganizirenso musanakwere basi ya ku Monkey Bay. Mutuwo wagamula kale mlandu mboni zisanalankhule. Mwanena kale kuti chikhalidwe chaonongeka, wochionongayo mwamutchulanso. Mukakafika kwa agogo ali pakhonde n'kuwafunsa ngati azungu aononga chikhalidwe, adzakuvomerani ndithu, poti ndi momwe timalandirira mlendo wooneka wophunzira: timamupatsa yankho lomwe wadzera. Mudzabwerako ndi mapepala 100 onena chimodzimodzi, koma za Chembe simudzadziwa kanthu kuposa zomwe mukudziwa lero.

Choyamba chomwe chingakusocheretseni ndi kuganiza kuti kunali nthawi ina yomwe mudziwu unali phee, wosaona mlendo, kenaka n'kutulukira azungu a zikwama zakumsana. Nthawi imeneyo simudzaipeza. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi yemwe ankakhala ku Cape Town. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia, pakati pawo pali Robert Laws, anafika pamalowa pa sitima ya Ilala n'kumangapo mishoni yawo yoyamba. Malungo atawavutitsa anasamukira ku Bandawe mu 1881, koma manda a anzawo ena alipobe mpaka pano pafupi ndi njira yopita ku Otter Point. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC, zochoka ku Southampton ku England kupita ku Johannesburg, zinkaima pa Cape Maclear, okwera n'kugona pa hotela yomwe inali pomwepo. Onjezerani apa abambo a m'dera lino omwe ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale n'kubwerako ndi njinga, masuti ndi zizolowezi zatsopano. Ndiye mukamati mudzi wasintha, mukuyerekeza ndi chaka chiti? Funso limeneli mulifunse inuyo musanakafunse wina aliyense.

Chachiwiri n'chakuti pa Chembe pagwa zinthu zikuluzikulu zingapo nthawi imodzi, ndipo alendo ndi chimodzi chabe mwa izo. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Chembe ndi midzi ina monga Msaka ndi Mvunguti inangopezeka ili mkati, itazunguliridwa ndi paki. Phiri lomwe amayi ankatolako nkhuni linasanduka la malamulo ndi ziphaso. M'madzi a paki, mamita 100 kuchokera pagombe, usodzi unaletsedwa. Mudzi sungakulire kuphiri, sungakulire kunyanja, koma anthu akuchuluka chaka ndi chaka, ena obadwira pompo, ena otsata usipa ndi utaka. Usodzi nawo unasintha: makoka a chilimira, maboti a injini, nyali zowalitsa usiku, ogula nsomba ochoka ku Limbe ndi ku Lilongwe atanyamula ndalama m'zikwama. Ndalama zomwe zimadutsa padoko la asodzi usiku umodzi usipa ukagwa bwino, mnyamata wogulitsa ziboliboli sangazione ngakhale pa mwezi.

Ndikupatseni zitsanzo ziwiri za momwe chala chimalozera kolakwika. Kwa nthawi yaitali anthu ankati mitengo ya m'paki ikutha chifukwa cha amayi otola nkhuni zophikira. Joanne Abbot ndi Katherine Homewood atafufuza m'zaka za m'ma 1990, poyerekeza zithunzi zojambulidwa pa ndege komanso kuyeza mitolo yomwe amayiwo ankasenza, anapeza kuti amayi ankatola kwambiri nthambi zouma zazing'ono, pomwe mitengo ikuluikulu inkathera kowambira nsomba zogulitsa. Amayi ankathamangitsidwa ndi alonda pa mlandu womwe waukulu wake sunali wawo. China ndi likodzo. Matendawa atafala kwambiri pa Chembe, akatswiri monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen anaonetsa kuti nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pomwe nsomba zodya nkhonozo zinachepa chifukwa cha makoka. Mbiri ya likodzo inaopseza alendo ndithu, koma gwero lake linali mu usodzi ndi kuchulukana kwa anthu pagombe.

Ngakhale nkhani ya mavalidwe, yomwe ndikudziwa kuti ili m'mafunso anu 30 aja, imafuna kusamala komweko. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi linathetsedwa mu 1993. Kenaka kunabwera kaunjika, mavidiyo, mafoni. Mtsikana wovala thalauzi mumupeza ku Ntchisi komwe mzungu wokaona malo safikako kawirikawiri. Mukalemba kuti wa pa Chembe watengera alendo, muyenera kuonetsa chomwe chikumusiyanitsa ndi wa ku Ntchisiyo.

Tsono sindikunena kuti alendo sanasinthe kanthu. Asintha zambiri, ndipo zina n'zowawa. Kungoti posaka pomwe asintha, musayang'ane kaye zovala kapena nyimbo. Yang'anani mchenga.

Mudzadzuke mbandakucha tsiku lina, muyende gombe lonse kuyambira kugeti ya paki mpaka kudoko la asodzi, kope lili m'manja. Mudzaona amayi atagwada m'mphepete mwa madzi akukwecha mapoto ndi mchenga, mbale atazisanja pansalu, mwana akusambitsidwa pambali. Mudzaona mabwato atakokeredwa kumtunda, alovi ali mtulo pansi pa mtengo poti agwira ntchito usiku wonse, usipa ukuyanikidwa pa matandala. Mukayenda pang'ono mupeza mchenga wosesedwa bwinobwino, mipando yogonapo itandandalikidwa, mlonda ataima chapatali. Pamenepo amayi aja palibe. Nthawi zina palibe chikwangwani choletsa, palibe amene wawathamangitsa m'mawa umenewo, koma aliyense akudziwa kuti apa sipotsukira mbale. Muime pomwepo, mufunse: kale apa pankasamba ndani? Njira yotsikira kunyanja ya mabanja okhala kuseri kwa mpandawu inali pati, ndipo lero amadzera kuti? Mayi wa nyumba iyo amayenda mapazi angati ndi ndowa pamutu poyerekeza ndi momwe ankayendera amake?

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatiphunzitsa kupirira mlendo poti mawa apita. Wokaona malo amapitadi, masiku atatu kapena sabata wanyamuka. Koma mpanda womwe unamangidwa kuti iye agone mwabata supita. Kwa ine, kafukufuku weniweni wa Chembe ali pa mpandawo: malo anali a yani, anachoka bwanji m'manja mwawo, analandira ndani ndalama, ndipo amene sanafunsidwe ndani.

Apa ndi pomwe maphunziro anu a za mbumba agwire ntchito. M'mabanja otsata chikamwini malo amayenda kudzera kwa amayi, ndipo mwinimbumba, yemwe kawirikawiri ndi malume, amakhala woyang'anira chabe, osati mwini wake woti angagulitse. Malo a m'mphepete mwa nyanja kale sanali a mtengo wapatali: mchenga sulimidwa chimanga. Atafika ofuna kumanga maloji, mchenga womwewo unasanduka chuma choposa munda uliwonse. Lamulo la malo la 1965 linkapatsa nduna ya boma mphamvu yopereka lizi pa malo a makolo mpaka zaka 99, ndipo chomwe chinkafunika kumudzi ndi chilolezo cha mfumu. Ndiye taganizani zomwe zimachitika m'banja malume akasainira, ndalama n'kudyedwa m'chaka chimodzi, ana a alongo awo n'kukula n'kupeza kuti pomwe panali nyumba ya agogo awo pali bala, ndipo iwo akalowapo afunsidwa chomwe akufuna. Mabanja ena anachenjera, sanagulitse koma amachititsa lendi, ena anamanga okha zipinda zogonamo alendo. Kusiyana kwa mabanja amenewa lero ndiko kusintha komwe mukufuna kulemba. Lamulo latsopano la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo ndi kulembetsa malo m'dzina la munthu kapena banja. Kafunseni ngati anthu akulidziwa, ndipo ngati malo alembetsedwa, dzina lomwe lili papepala ndi la mayi kapena la bambo.

Kwinanso komwe alendo agwedeza ndi pa ulemu ndi mphamvu pakati pa akulu ndi ana. Mnyamata yemwe anasiyira sukulu panjira koma waphunzira Chingerezi pamchenga, amatenga alendo paboti kupita nawo ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, n'kuimbira likhweru nkhwazi kuti idzawakhe nsomba alendo akujambula. Sabata yabwino amapeza ndalama zoposa za bambo ake. Amagulira amake malata, amalipirira mlongo wake fizi. Pamaliro akapereka chopepesa chachikulu, mawu ake amayamba kumveka pomwe kale akadauzidwa kuti akhale chete. Akuluakulu omwewo omwe amadya ndalama zake ndi omwe adzakuuzeni kuti anyamata a kugombe ndi osokoneza, osuta chamba, othamangira azimayi achizungu. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, ndipo ntchito yanu si kusankha mbali koma kuonetsa momwe zimakhalira pamodzi m'nyumba imodzi. Muonenso kuti ntchito za m'maloji zagawika bwanji: ndani amachapa ndi kusesa, ndani amaphika, ndani ali pa kauntala, ndani ndi manijala, ndipo mwa amenewa obadwira pa Chembe ndi angati. Kumeneko mafunso a papepala angakuthandizeni, chifukwa ndi zinthu zowerengeka.

Musaiwale kuti pali zomwe anthu a pa Chembe eni ake amaziyamikira. Chipatala cha Billy Riordan chinatsegulidwa mu 2004 ndi mayi wa ku Ireland, Mags Riordan, pokumbukira mwana wake yemwe anamira m'nyanja pamalowa mu 1999. Chisanabwere, wodwala ankayenera kupita ku Monkey Bay pa msewu wa m'mapiri. Mukakalemba zoipa zokhazokha, mayi yemwe mwana wake anachira malungo pamenepo adzati simunamvetse.

Za Gule Wamkulu ndinene pang'ono, poti ophunzira ambiri amathamangira pamenepa. Inde, m'malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja gule amavinidwa kuti alendo aonere n'kulipira. Musafulumire kulemba kuti mwambo wafa. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Davydd Greenwood, anaona zofanana ku Fuenterrabia, tauni ya anthu a Chibasque ku Spain, komwe chaka chilichonse amachita mwambo wa Alarde wokumbukira kupulumuka kwa tauniyo pa nkhondo ya 1638. Mu 1969 akuluakulu a tauni analamula kuti mwambowo uzichitika kawiri pa tsiku kuti alendo onse aone, ndipo Greenwood analemba kuti wataya tanthauzo. Patapita zaka iye mwini anavomera kuti nkhaniyo inali yovuta kuposa momwe anaionera poyamba. Mwambowo ulipobe, ndipo kuyambira m'ma 1990 anthu a m'tauniyo akhala akukangana koopsa ngati amayi angagube nawo ngati asilikali. Anthu sakanganirana chinthu chakufa. Ndiye kwa ife funso labwino ndi lakuti: wavomereza ndani kuti gule atuluke kukavina kuloji, akuluakulu a kudambwe akuti chiyani, ndi zilombo ziti zomwe zimapita kumeneko ndi ziti zomwe sizipita, ndipo ndalama zimathera m'thumba la yani? Ngati simunalowe gule, dziwani malire anu, ndipo zomwe simuyenera kufunsa musazikakamize.

Mawu oti alendo nawonso muwamasule. Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala, odzaza gombe ndi Amalawi anzathu ochoka m'tauni ndi magalimoto, zoimbira ndi mabokosi a zakumwa. Omanga nyumba zopumuliramo m'mphepete mwa nyanja ambiri ndi a konkuno. Mufunse anthu kuti mlendo wovuta ndi uti, mukhoza kudabwa ndi yankho lake.

Tibwere ku funso lanu loti masabata awiri akwanira. Pa mutu waukulu womwe mwalembawo, ayi. Mudzi wa kunyanja uli ndi nkhope zingapo pa chaka. Nthawi ya mwera, cha m'ma Juni ndi Julayi, nyanja imakalipa, asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi, pomwe alendo akunja ndiye ayamba kuchuluka. Nthawi ya dzinja maloji amakhala pululu, anyamata a maboti amabwerera ku khasu kapena ku chilimira. Amene wafika mu Ogasiti yekha adzalemba kuti mudzi wonse umadalira alendo. Amene wafika mu Febuluwale adzalemba kuti alendo alibe ntchito. N'chifukwa chake akatswiri a maphunzirowa amakhala chaka kapena kuposerapo. J. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Ayao a kum'mwera kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Jaap van Velsen pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay m'ma 1950, ndipo onsewa nzeru zawo anazitola potsata milandu ndi mikangano yeniyeni kuyambira poyambira mpaka pothera, osati pofunsa anthu kuti mwambo wanu umati chiyani.

Njira yawoyo ndi yomwe ingakupulumutseni. Chepetsani mutu. Sankhani chigawo chimodzi cha gombe, mwina maloji atatu kapena anayi oyandikana ndi mabanja okhala kuseri kwake, mulembe mbiri ya malo amenewo. Jambulani mapu pamodzi ndi amayi achikulire awiri kapena atatu, akuonetseni pomwe panali doko la amayi, la abambo, pomwe ankayanika makoka, pomwe panali njira. Kenaka mapu a lero. Mukatero tsatani nkhani imodzi mpaka pansi: mkangano wa malire, njira yotsekedwa, kapena maliro omwe anachitika loji yoyandikana nayo ili ndi alendo ofuna nyimbo usiku. Ndani anapita kukalankhula ndi mwini loji, ananyamula mawu a yani, nyimbo zinazimitsidwa kapena ayi, loji inapereka chiyani pamalirowo? Nkhani imodzi yotere, mutaimva kwa anthu asanu ndi mmodzi osiyana, idzakuuzani za mphamvu za mfumu, za mwini loji, za achinyamata ndi za mipingo kuposa mapepala 100 aja.

Muli ndi mwayi wina womwe ofufuza akale analibe. Mu Epulo 2020 ndege zinaimitsidwa chifukwa cha Covid-19, alendo akunja anasowa kwa miyezi yambiri. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'maloji ndi m'nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi. Nthawi ziwiri zimenezi anthu akuzikumbukira bwino. Mufunse aliyense kuti alendo atasowa anadya chiyani, anathawira kwa yani, anagulitsa chiyani. Pamenepo mudzaona poyera amene amadaliradi alendo, amene anali ndi pogwira pena, komanso ngati ubale wa pa mbumba udakagwirabe ntchito munthu akagwa.

Kumene mukagone n'kofunika kuposa momwe mukuganizira. Ine ulendo wanga woyamba kuchita kafukufuku kunyanja ndinafikira pa loji poti panali magetsi olembera usiku. Masabata angapo anthu ankandiyankha mwaulemu koma mozungulira, ndipo ndinadzamva mochedwa kuti ena ankanditenga ngati m'bale wa mwini lojiyo, ena ngati kazitape wa a paki wodzawerenga otola nkhuni. Nditasamukira kwa mayi wina wamasiye mkati mwa mudzi, n'kumapita nawo kunyanja m'mawa ndi mapoto, nkhani zinayamba kubwera zokha, zambiri ndisanafunse n'komwe. Inuyo pezani banja loti mukhale nalo, mulipire bwino, mudye zomwe akudya. Womasulira kapena wokuperekezani asakhale mnyamata wa maboti yekha, chifukwa adzakutengerani kwa anzake okhaokha. Ndipo ngati mungathe, masabata awiriwo muwagawe: sabata imodzi nthawi ya alendo, ina nthawi yomwe kuli zii.

Musanayambe, tengani chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku ya pasukulu panu, mukaonekere ku ofesi ya DC ku Mangochi, kwa Mfumu Yaikulu Nankumba, kenaka kwa mfumu ya mudzi. Kulowa m'mudzi mosadzera kwa eni ake kudzakutsekerani makomo. Koma dziwaninso kuti pa nkhani ya malo mafumu ndi mbali imodzi ya nkhaniyo, choncho musalole kuti akusankhireni anthu onse oti mulankhule nawo, ndipo pocheza ndi amayi za malo a banja lawo pasakhale nduna ya mfumu pambali.

Chomwe ndikupemphani kwambiri ndi kusunga chinsinsi. Chembe ndi mudzi waukulu koma anthu amadziwana. Mukalemba kuti mayi wina wa ana atatu wogwira ntchito yochapa pa loji ya pafupi ndi chitsime anati abwana ake amamulipira mochedwa, mwamutchula dzina ngakhale simunalilembe, ndipo ntchito ikhoza kumuthera. Mudzamva za atsikana ogonana ndi alendo kapena ndi asodzi kuti apeze ndalama kapena nsomba, za chamba, za ana ojomba kusukulu kukapempha kugombe. Zimenezi zilembeni mosamala, musinthe zonse zomwe zingalozere munthu, ndipo mwana musacheze naye popanda kholo lake kuvomera. Musajambule munthu akusamba kunyanja, ngakhale alendo mukuwaona akujambula.

Mutu womwe ndingakondwe kuuona pa pepala lanu ndi wonga uwu: "Kusintha kwa umwini ndi kagwiritsidwe ntchito ka gombe pa Chembe kuyambira 1980". Mafunso anu 30 aja musawataye, koma muwachepetse afike 10 okhudza zinthu zowerengeka, monga ntchito, malo ndi komwe banja limapeza ndalama mwezi ndi mwezi. Nthawi yotsalayo ikhale ya kuyenda, kukhala pansi ndi kumvetsera, ndipo usiku uliwonse musanagone mulembe zonse zomwe mwaona tsikulo, ngakhale zooneka zazing'ono monga amene anapatsa moni ndani ndi amene anakhala pampando pomwe ena ali pamphasa. Mukapeza tsiku limodzi musananyamuke, pitani ku National Archives ku Zomba mukapemphe mafayilo akale a boma la Fort Johnston, lomwe ndi dzina lakale la Mangochi, muone zomwe atsamunda ankalemba za usodzi ndi malo m'dera la Nankumba. Ndipo mukamaliza kulemba, bwererani ku Chembe ndi masamba awiri a Chichewa ofotokoza zomwe mwapeza, mukawawerengere amayi omwe anakujambulirani mapu aja, akuuzeni pomwe mwalakwitsa musanapereke pepalalo kwa aphunzitsi anu.